Madzi a m'njere: chifukwa chake mbewu yosunga ndi yogaya sizifuna kuuma kofanana

Njere ya chimanga, tirigu kapena mpunga imakhala ndi madzi mkati ngakhale itauma gwa. Madzi amenewa ndiwo amalamula ngati ufa utuluke woyera kapena wamawangamawanga a gaga, ngati sefa ya chigayo ipite bwino kapena itsekeke, ngati mpunga utuluke wathunthu kapena wosweka, ndiponso ngati mbewu itsetsereke yokha m'nkhokwe kapena igwirane n'kukana kutsika. Chovuta n'chakuti chinyezi choyenera posunga chimasiyana ndi choyenera pogaya. Chinanso, nambala imene makina oyezera amaonetsa imangonena kuchuluka kwa madzi, osati pamene madziwo akhala m'njeremo, pakhungu kapena pakati, pomwe pogaya malo a madziwo ndiye nkhani yaikulu.

Tikati chimanga chili pa 13 peresenti, ndiye kuti pa makilogalamu 100 alionse, 13 ndi madzi ndipo 87 ndi gawo louma. Gawo loumali silisintha poyanika, choncho masamu onse amayambira pamenepo. Makilogalamu 1,000 a chimanga cha 20 peresenti ali ndi gawo louma la makilogalamu 800. Chikauma kufika pa 13, makilogalamu 800 aja amakhala magawo 87 pa 100 a kulemera konse, ndiye sikelo ionetsa pafupifupi 920. Apita ndi makilogalamu 80, osati 70 monga amaganizira amene amangochotsera 13 pa 20. Mikangano yambiri ya wogula ndi wogulitsa imakhala pa makilogalamu 10 amenewa.

Nambala ya 13 ija, yoyenera posunga chimanga, sinangotoledwa. Njere imamwa madzi a mumpweya kapena kutaya ake mpaka ziwirizi zitalingana. Mumpweya wa chinyezi cha 65 mpaka 70 peresenti, chimanga ndi tirigu zimakhazikika pa 13 mpaka 14, ndipo mpweya wa pakati pa njere ukakhala wouma kuposa pamenepa nkhungu imalephera kumera. Mbewu zamafuta zimafuna nambala yotsikirapo, mtedza 7 kapena 8 peresenti, chifukwa mafuta sagwira madzi, ndiye madzi onse amaunjikana m'gawo lotsalalo. Mbewu ikapitirira malire, imapuma kwambiri pamodzi ndi nkhungu ili pa iyo, kupumako kumatulutsa kutentha ndi madzi ena, ndipo kutenthako kumafulumizitsanso kupuma. Chinyezi cha chimanga chikafika cha m'ma 17 kapena 18 peresenti kotentha, nkhungu ya Aspergillus flavus, yomwe imapanga poizoni wa aflatoxin, imapeza pomera. Malamulo a Codex Alimentarius, omwe ndi miyezo ya chakudya ya padziko lonse, amalola chimanga cha malonda kufika 15.5 peresenti, koma omwewo amanena kuti malire atsitsidwe malinga ndi nyengo ya kumene chikupita komanso kutalika kwa nthawi yosunga. Wosunga miyezi yambiri asadalire 15.5.

Tirigu: kuthira madzi mbewu imene munavutika kuumitsa

Amene sanalowepo m'chigayo cha tirigu amadabwa kuona madzi akuthiridwa dala pa tirigu wouma bwinobwino. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka njere. Kunja kuli khungu, lomwe limakhala gaga. Mkati muli gawo loyera lomwe limakhala ufa, ndipo kunsonga kuli mtima umene umamera. Cholinga cha wogaya ndi kutsegula njere, kupala gawo loyera, khungu n'kutsala lalikululikulu kuti sefa ilikole.

Tirigu wa 11 kapena 12 peresenti khungu lake ndi lofumbutuka. Marola, zitsulo zozungulira zophwanya njere, akalikhudza limangonyenyeka n'kukhala tizidutswa tofanana kukula ndi ufa, ndipo palibe sefa imene ingatilekanitse. Ufa umatuluka wodera, ndipo akauwotcha poyeza umasiya phulusa lambiri, chomwe ndi chizindikiro chakuti gaga walowa. Madzi amachita ntchito ziwiri zosiyana m'njere imodzi: khungu amalilimbitsa kuti likhale lonyumbuka ngati chikopa chonyowa, lopindika osasweka, pomwe gawo loyera amalifewetsa kuti lifumbutuke ndi mphamvu yochepa.

Tirigu wolimba amamufikitsa pa 15.5 mpaka 17 peresenti n'kumugoneka maola 12 mpaka 24, nthawi zina kupitirira. Wofewa amamusiyira pa 14 mpaka 15.5 ndipo maola 6 mpaka 12 amakwana, popeza madzi amalowa msanga m'njere yosathinana mkati. Kugonekako n'kofunika mofanana ndi madziwo. Madzi amalowera makamaka kumtima kwa njere n'kumafalikira pang'onopang'ono, ndiye mukagaya patangopita ola limodzi, makina oyezera aonetsa 16 koma mkati mwa njere mudakali 12. Nyengo yozizira madzi amachedwa kulowa, choncho nthawi iwonjezedwe.

Kuwerengera madzi othira n'kosavuta koma ambiri amaphonya. Chotsani chinyezi chimene mbewu ili nacho pa chimene mukufuna, gawani ndi 100 kuchotsera chimene mukufunacho, kenako chulukitsani ndi kulemera kwa mbewu. Pa makilogalamu 1,000 ochoka pa 12 kupita pa 16, ndi 4 kugawa ndi 84 kuchulukitsa ndi 1,000, zomwe ndi malita 47.6. Wothira malita 40 amathera cha m'ma 15.4. Ngati mpata wake ndi waukulu, monga kuchoka pa 10 kupita pa 16.5, ndi bwino kuthira kawiri ndi kugoneka pakati, chifukwa khungu silingagwire madzi onsewo nthawi imodzi. Otsalawo amayenderera pansi pa nkhokwe, tirigu wapansi n'kunyowa kwambiri wapamwamba ali wouma. Zigayo zambiri zimawazanso timadzi tochepa, pafupifupi theka la peresenti, mphindi zowerengeka tirigu asanalowe m'marola oyamba. Timadziti sitifuna kulowa mkati ayi, ntchito yake ndi ya pakhungu basi.

Madzi akachuluka mavuto amaonekera kumasefa. Ufa wonyowa umagwirana, umamata timabowo ta sefa, ndipo ufa wabwino umayandama pamwamba n'kupita limodzi ndi gaga. M'marola osalala tizidutswa timaphwatalala m'malo mofumbutuka. Chigayo chimene chimatulutsa ufa woyera wokwana 75 peresenti ya tirigu chikhoza kutsika, ndipo mukafikisa gaga m'manja mumapeza ufa woyera uli mbuu. Ufa wotuluka umafunika ukhale cha m'ma 14 peresenti, popeza kutentha kwa marola ndi mpweya wonyamula ufa zimachotsa peresenti imodzi kapena ziwiri panjira.

Chimanga ndi chigayo cha nyundo

Pa chimanga nkhani yaikulu ndi mtima. Mtima ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa njere, koma muli magawo opitirira 80 pa 100 a mafuta onse a m'njeremo. Ukagayikira mu ufa, mafutawo amayamba kuwola ndipo ufa umamveka fungo ndi kuwawa pakapita milungu yochepa, makamaka kotentha. Pokonola timafuna khungu lisendeke ndi mtima uzuke wathunthu, gawo lolimba litsale lalikulu.

Mtima ndi khungu zimamwa madzi msanga kuposa gawo lolimba, ndipo wokonola amadyerera kusiyana kumeneku. Akathira madzi n'kudikira nthawi yochepa, khungu limatupa n'kulekana ndi njere, mtima umakhala wonyumbuka, koma mkati mumakhala mudakali gwa. Zigayo zikuluzikulu zochotsa mtima zimakweza chinyezi kufika pa 18 mpaka 22 peresenti, zimakonola, kenako zimaumitsanso mphaleyo kufika cha m'ma 15 isanapitirire kumarola ndi kumasefa. Pa makina ang'onoang'ono okonolera, madzi ochepa ndi mphindi 10 mpaka 30 zimakwana. Mukakonola chouma, njere zimasweka khungu lisanasendeke, misere yambiri imapita m'madeya, ndipo mtima umanyenyeka. Mukachedwetsa kwambiri mutathira madzi, madziwo amalowa mkati, khungu limaumanso n'kukakamira, ndipo njere yofewa imaphwanyika m'makina. Apa m'pamene zimaonekera poyera kuti mbewu ziwiri zoonetsa nambala imodzi zikhoza kugayika mosiyana kotheratu. Madeya otuluka m'chimanga chonyowetsedwa amakhala onyowa ndi amafuta, ndiye akaunjikidwa amatentha tsiku lomwelo, ayanikidwe pompo.

Chigayo cha nyundo chimagwira ntchito pomenya njere mothamanga kuti isweke. Njere youma imasweka ikangomenyedwa, pomwe yonyowa imalandira nkhonyayo n'kungopindika, ndiye iyenera kuzungulira kambiri isanadutse pasefa. Zotsatira zake zimabwera motsatizana: injini imalemedwa ndipo kulira kwake kumasintha, mafuta kapena magetsi amapita ambiri pa thumba limodzi, ufa umatentha, nthunzi yotuluka mu ufawo imanyowetsa sefa, timabowo timamatika, ndipo mkati mumadzaza mpaka lamba kuyamba kuterereka. Wogayitsa akaona zimenezi asathamangire kukayikira nyundo kapena injini asanatenge ufa m'manja n'kuufinya. Ukagwirana n'kukhala chibuma chosafumbutuka potambasula dzanja, mbewuyo ndi yonyowa. Chigayo chotere chimayenda bwino pa 12 mpaka 14 peresenti. Pansi pa 10 chimagaya mofulumira ndithu, koma fumbi limachuluka, ufa wina umathawa ndi mpweya, ndipo khungu limanyenyeka kwambiri.

Ufa wotuluka m'chigayo umakhala wofunda. Mukaumangira m'thumba losatulutsa mpweya usanazizire, nthunzi imapita kumbali yozizira ya thumba n'kuchita thukuta, ndipo pamenepo ufa umagwirana n'kuchita nkhungu ngakhale mbewu yake inali youma bwino.

Mpunga umasweka usanafike pamakina

Mpunga ndi wosiyana ndi zinazi chifukwa cholinga ndi kuchotsa mankhusu ndi deya njere osaiswa. Umakololedwa uli pa 20 mpaka 25 peresenti ndipo umapunthidwa bwino uli pa 13 mpaka 14. Wonyowa kuposa apa ndi wofewa, umaphwanyika pochotsa deya ndipo deyayo amamata m'makina. Koma kusweka kwambiri kumene anthu amanamizira makina kumakhala kunachitika kale poyanika.

Njere ikamauma mofulumira, kunja kumafota mkati mudakali motupa, ndipo kukokanako kumang'amba njere. Zimachitikanso mobwerera: njere youma kwambiri ikanyowa mwadzidzidzi, kunja kumatupa mkati muli mouma, n'kung'ambikanso. Ming'aluyi imabisika m'mankhusu. Mukasenda njere zingapo ndi zala n'kuziunika ndi tochi kuchokera pansi, mumaona timizere topingasa, ndipo njere iliyonse yotere iduka ikafika pamakina. Mpunga wouma umene wagona panja n'kumwa mame, umene wavumbwa ndi mvula utatsala pang'ono kulongedwa, kapena wouma umene wasakanizidwa ndi wongokololedwa kumene, wonsewu umang'ambika motere. Bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines limalangiza kuyanika mopyapyala, masentimita 2 mpaka 4, ndi kutembenuza theka lililonse la ola, komanso kuti mpweya wotentha woumitsira mpunga wambewu usapitirire madigiri 43. Oumitsa ndi makina amachita mwa magawo: amachotsa madzi pang'ono, amaupumitsa mpunga maola angapo kuti madzi a mkati afike kunja, kenako n'kuumitsanso.

Chimanga nachonso chimang'ambika chikaumitsidwa ndi moto wambiri n'kuziziritsidwa mwadzidzidzi. Njira yopewera ndi kuchitulutsa m'makina chikadali chotentha, chitatsala ndi maperesenti awiri kuti chifike pofunika, kuchisiya maola angapo osachipemerera, kenako kuchiziziritsa pang'onopang'ono ndi mpweya wamba, womwe umamaliza madzi otsalawo. Chimanga chong'ambika chimamwa madzi mosalingana pokonola ndipo sichitulutsa mphale yaikulu.

Ponyamula ndi potsitsa

Thirani chimanga chouma pansi ndipo muone mulu wake: umayala, mbali zake zimapendekeka cha m'ma madigiri 22 kapena 23. Chonyowa chimaima motsetsereka kwambiri, kuyandikira madigiri 30, chifukwa njere zake sizitererekana. Paipi kapena chotsitsira chimene anachipendeketsa molingana ndi mbewu youma chimatsekeka ikabwera yonyowa, zitsulo zopota zokankhira mbewu zimafuna mphamvu yambiri, ndipo zinyalala zimamatirira m'makona momwe nkhungu imayambira. Njere yonyowa ndi yotupanso, ndiye chidebe chimodzimodzi chimalowa gawo louma lochepa. Chimanga chouma bwino chimalemera pafupifupi makilogalamu 720 pa kiyubiki mita, chonyowa chimapepukirapo pa muyeso womwewo. Ndi chifukwa chake kugula mbewu ndi chidebe osadziwa chinyezi chake kumapweteka mmodzi mwa awiriwo.

M'nkhokwe zazitali mbewu yonyowa imagwirana n'kupanga chikhokho pamwamba. Mukatsitsa kuchokera pansi, pansi pa chikhokhocho pamatsala phanga, ndipo munthu akaponda pamwamba amagwera mkati n'kukwiririka m'masekondi ochepa. Ina imakakamira kukhoma ngati chipupa n'kugumukira amene akuigogoda ali m'munsi. Anthu amafa motere chaka ndi chaka m'mayiko olima mbewu zambiri, ndipo kawirikawiri chiyambi chake chimakhala mbewu imene inalowa m'nkhokwe isanaume. Munthu asalowe m'nkhokwe makina otsitsira akuyenda, ndipo asalowe wopanda chingwe ndi mnzake womuyang'anira kunja.

Ngakhale mbewu yolowa ili youma, madzi amasamuka. Mpweya wa pakati pa njere umayenda kuchoka kofunda kupita kozizira, ndipo ukafika pozizira umasiya chinyezi chake. M'nyengo yozizira mpweya umatsika m'mbali mwa khoma, umakwera pakati pofunda, n'kunyowetsa njere zapamwamba pakatikati. Matumba ogundana ndi khoma kapena ogona pasimenti amanyowa mwa njira yofananayo, n'chifukwa chake amaikidwa pamatabwa ndi kusiya mpata kukhoma.

Kuumitsitsa nako kuli ndi mtengo wake. Chimanga chotsika pansi pa 12 peresenti chimasweka kwambiri chikamagwa kuchokera pamwamba kapena kudutsa m'zitsulo zokankhira, ndipo soya wouma kwambiri amagawanika pawiri. Zidutswa ndi fumbi zimaunjikana pakati pa mulu, pansi penipeni pa pothirira, n'kutseka njira ya mpweya. Tizilombo todya zosweka timayambira pamenepo. Fumbi louma la mbewu likadzaza mumpweya m'chipinda chotsekeka limaphulika likakumana ndi kamoto kakang'ono, ngakhale kochokera ku beringi yotentha. Pamwamba pa izi, peresenti iliyonse yochotsedwa mosafunikira ndi kulemera kotayika pasikelo.

Kuyeza

Muyeso wodalirika ndi wa uvuni: kuyeza kulemera, kuumitsa mpaka madzi atatha, n'kuyezanso. Pa chimanga chathunthu njira yodziwika ndi madigiri 103 kwa maola 72. Makina am'manja sayeza madzi mwachindunji, amaona mmene magetsi akuchitira m'mbewu n'kuyerekezera, ndiye amanamizika. Mbewu yongochoka padzuwa kapena m'makina oumitsira imaonetsa nambala yotsika chifukwa kunja kwauma kuposa mkati. Itsekereni m'botolo kwa maola 6 mpaka 12 ndipo muyezenso, mudzapeza yakwera, nthawi zina ndi peresenti yathunthu kapena kupitirira. Yonyowa pakhungu pokha, monga ya mame kapena yongothiridwa madzi, imaonetsa nambala yokwera. Mbewu yotentha kapena yozizira kwambiri, batire lofooka, zinyalala, ndi kusankha mtundu wolakwika wa mbewu pamakinawo, zonsezi zimapotoza yankho.

Kumene kulibe makina, mchere umathandiza. Ikani mbewu m'botolo louma lagalasi kufika gawo limodzi mwa atatu, onjezani masupuni awiri kapena atatu a mchere woumitsidwa bwino, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, dikirani mphindi 15 ndi kukhutchumulanso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, mbewuyo siinaume. Izi zimatheka chifukwa mchere umayamba kumwa madzi mpweya ukafika pa chinyezi cha 75 peresenti, chomwe pa chimanga chimalingana ndi pafupifupi 15 peresenti. Ndiye mchere wosamata ukungonena kuti mbewu ili pansi pa 15, osati kuti yafika pa 13. Yosunga nthawi yaitali iyanikidwebe. Kuluma njere kumasiyanitsa 20 ndi 14, koma dzino silingasiyanitse 15 ndi 13.

Cholakwika chofala kuposa zonse ndi kudalira nambala imodzi pa katundu yense. Matumba 9 a 12.5 peresenti ndi limodzi la 18 akaphatikizidwa amapereka pafupifupi 13, nambala yooneka yabwino, koma njere za thumba limodzi lija zimatenga masiku kuti zigawane madzi ndi zinzake, ndipo ngati sizinasakanizike bwino zimayamba kutentha zisanatero. Tengani zoyeza pamwamba, pakati ndi pansi, m'mbali ndi mkati mwa mulu, yezani chilichonse pachokha katatu, ndipo posankha kusunga kapena kuyanikanso tsatirani nambala yokwera kwambiri imene mwapeza.